Musanagule mbuna: kakonzedwe ka thanki ya nsomba kuno ku Mzuzu

Funso limabwera lomwelomwelo: "Ndinagula mbuna khumi Loweruka, lero Lachinayi zatsala ziwiri. Chalakwika n'chiyani?" Ndaliyankha kokwanira, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Ambiri mumayamba mutaona kavidiyo pa TikTok kapena pa Facebook. Munthu akuthira mchenga, akusanja miyala, akutsegula mpopi, kenaka nsomba zachikasu ndi zabuluu zikuyendayenda, zonsezi m'theka la mphindi. Chimene kavidiyoko sikaonetsa ndi masabata amene thankiyo inakhala yopanda nsomba. Masabata amenewo ndiwo amapha kapena kupulumutsa nsomba zanu, choncho pa sitepe yachisanu ndichedwapo. Vuto lina ndi maganizo akuti popeza nyanja ili pafupi, makilomita pafupifupi 50 kutsikira ku Nkhata Bay, nsomba zake zikhala bwino m'madzi athu. Ayi. Ife tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumazizira, ndipo madzi a pampopi ndi osiyana ndi a m'nyanja.

1. Dziwani nsomba imene mukufuna

Mawu akuti mbuna ndi a Chitonga, ndipo amanena tinsomba tokhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanja. Ndi abale a chambo ndi utaka, onse a banja la cichlid, limene m'nyanja ya Malawi lili ndi mitundu yoposa 700. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala, zimakumba mchenga, ndipo yamphongo iliyonse imafuna phanga lakelake. Zinthu zitatuzi ndizo zimalamula zonse zotsatira.

Kwa woyamba, nsomba yabwino ndi Labidochromis caeruleus, yachikasu ija ya mzere wakuda pachipsepse cha pamsana. Kwawo ndi kuno kumpoto, m'mbali mwa nyanja cha ku Nkhata Bay, ndipo si yandewu kwambiri. Pseudotropheus acei ndi Iodotropheus sprengerae nazonso n'zofatsirapo. Melanochromis auratus, ya mizere yagolide ndi yakuda, imakopa maso ikadali yaing'ono, koma yamphongo ikakula imatha kumaliza thanki yonse yokha. Isiyeni kaye.

Goldfish ndi guppy, nsomba zoweta za mitundu yakunja, musaziphatikize ndi mbuna. Goldfish imafuna madzi ozizira, ndipo zonse ziwiri zidzadyedwa zipsepse.

2. Thanki ndi poiika

Kwa mbuna, kutalika kwa thanki n'kofunika kuposa kuya kwake, chifukwa nsomba yothamangitsidwa imafuna kothawira. Yambani ndi ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi, 45 kuya. Mukachulukitsa manambala atatuwa n'kugawa ndi 1,000 mupeza malita 243. Kathanki ka malita 40 musakaganizire n'komwe: madzi ochepa amaipa msanga, amazizira msanga, ndipo ndewu yake ilibe poleretsa.

Ngati mukukadulitsa magalasi kwa odula magalasi a mawindo, auzeni galasi la mamilimita 10, osati la 4 kapena 5 limene anazolowera. Pamwamba pamatidwe timizere ta galasi tolimbitsa kuti mbali zazitali zisafutukuke. Silikoni womatira magalasiwo akhale wopanda mankhwala oletsa nkhungu. Amene pa chubu palembedwa kuti ndi wa kubafa kapena kukhitchini amakhala ndi mankhwalawo, ndipo amapha nsomba pang'onopang'ono. Mukamata, dikirani sabata, kenaka idzazeni madzi panja kwa masiku awiri kuti muone ngati ikudontha. Ndi bwino idonthere pakhonde kusiyana ndi pabalaza.

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mukaonjeza galasi, miyala ndi mchenga, thanki imeneyi ipitirira makilogalamu 300, kulemera kwa matumba asanu ndi limodzi a simenti. Kabati ya TV singathe. Wotcheretsani choikapo cha chitsulo kapena khometsani cha matabwa okhuthala, muyeze ndi levulo ya amisiri omanga, ndipo pansi pa galasi muyale chithovu choyera chija chimabwera m'makatoni a firiji. Iikeni kutali ndi zenera lolowa dzuwa komanso kutali ndi khomo lolowa mphepo.

3. Miyala ndi mchenga, miyala poyamba

Sanjani miyala pa galasi lenileni la pansi, mchenga ubwere pambuyo. Mukayamba ndi mchenga, mbuna zidzafukula pansi pa mwala, mwalawo n'kugwa, n'kuphwanya nsomba kapena galasi. Gwedezani mulu uliwonse ndi dzanja. Ukagwedera, sanjaninso. Mapanga achuluke kuposa nsomba, ndipo miulu ikhale iwiri kapena itatu yotalikirana kuti yamphongo ya uku isamaonane ndi ya uko nthawi zonse.

Miyala itsukeni ndi burashi ndi madzi okha, opanda sopo. Musaiphike pamoto, ina imaphulika. Dontherezani viniga pamwala: ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, ndipo kwa mbuna umenewo ndi wabwino chifukwa umalimbitsa madzi. Wokhala ndi mizere ya dzimbiri kapena tonyezimira ngati chitsulo, utayeni.

Mchenga wa kumtsinje ndi wokwanira, wokhuthala masentimita atatu basi. Utsukeni m'ndowa mpaka madzi atuluke oyera, zimene zimatenga maulendo ambiri kuposa mmene mukuganizira. Mchenga kapena miyala yochokera kunyanja muiyanike padzuwa sabata yathunthu, ndipo nkhono zamoyo za kunyanja musabwere nazo. Zina mwa nkhono zimenezi ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo m'thankimo muzipisamo mkono sabata iliyonse.

4. Madzi, kutentha ndi mpweya

Madzi a m'nyanja ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6. Nambala imeneyi imasonyeza ngati madzi ali ndi asidi, ikatsika pansi pa 7, kapena ali mbali ya soda, ikakwera kuposa 7. Madzi ochokera m'mapiri ndi m'nkhalango, monga a ku damu la Lunyangwa, komanso amvula, kawirikawiri amakhala ofewa, opanda mchere wa m'miyala wokwanira kugwira pH kuti isagwe. Yezani anu ndi test kit, kabokosi ka mankhwala oyezera madzi, musanachite chilichonse.

Akapezeka pansi pa 7.5, mankhwala ake muli nawo kale kukhitchini: soda wophikira therere uja. Kasupuni kamodzi ka tiyi, kosefukira ayi, pa malita 50 alionse. Musungunuleni m'kapu musanathire. Soda ali ndi ubwino wakuti pH imakaima cha pa 8.2, sapitirira patali ngakhale dzanja litalemera pang'ono. Onetsetsani kuti ndi soda weniweni, osati baking powder wa mandasi, ndipo chidulo chisayandikire n'komwe. Kasupuni kena ka Epsom salt, amene amapezeka ku famase, pa malita 50 omwewo kamaonjezera kulimba kwa madzi.

Madzi a pampopi ali ndi klorini. Gwiritsani ntchito mankhwala ochotsa klorini ogulitsidwira thanki za nsomba. Akasowa, tungirani m'mgolo wosavundikira, muikemo paipi ya mpweya, adikire masiku awiri. Madzi amene kunyumba mwathiramo WaterGuard ndi akumwa anthu, osati a nsomba.

Hita ndi yokakamiza kuno. Mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 26, pamene usiku wa June ndi July ku Mzuzu kumatha kutsika pansi pa madigiri 10. Werengerani wati imodzi pa lita imodzi, ndiye pa thanki yathuyi gulani ya mawati 300, pamodzi ndi themometa yapadera, chifukwa manambala olembedwa pa hita sanena zoona nthawi zonse. Pamwamba pakhale chivundikiro, chimasunga kutentha komanso mbuna zimadumpha.

Pa fyuluta, chosefera madzi, maganizo anga ndi akuti masiponji awiri aakulu oyendera pampu ya mpweya amaposa fyuluta yodula ya chitini yokhala pansi pa thanki. Chifukwa chake muchiona pa sitepe yachisanu ndi chitatu.

5. Thanki ipse kaye: masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi opanda nsomba

Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha ake ndi m'chimbudzi, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimatulutsanso yemweyo. M'nyanja amasungunukira m'madzi ochuluka. M'thanki alibe kopita. Amaotcha makha, nsomba n'kumapumira pamwamba ngati ikumwa mpweya, n'kufa madzi akuoneka oyera mbee. Choipa kwambiri kwa ife oweta mbuna n'chakuti amoniya amakula ululu pH ikakwera. Mlingo umene nsomba ingapirire pa pH 7 umapha pa pH 8.2. Ndiye kuti soda amene mwathira pa sitepe yachinayi, pofuna kuthandiza, amasanduka mdani ngati mwadumpha sitepe ino.

Amene amachotsa amoniya ndi mabakiteriya okhala m'siponji ya fyuluta, pamiyala ndi pamchenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira, ndipo inu mumamuchotsa posintha madzi. Mabakiteriyawa amaswana pang'onopang'ono, ndipo m'thanki yatsopano mulibe okwanira. Oweta nsomba amati cycling. Ine ndimati thanki ipse, monga mmene thobwa silimwedwa tsiku lophika.

Kachitidwe kake ndi aka. Dzazani thanki, thirani soda, yatsani fyuluta ndi hita, muikweze pa madigiri 28 kuti mabakiteriya afulumire. Tengani tinsomba tinayi kapena tisanu ta usipa wouma wosathira mchere, timangeni m'kansalu ka neti, mukaponye pafupi ndi siponji. Usipawo ukamaola ndiwo chakudya cha mabakiteriya. Kununkha pang'ono kudzakhalapo, a m'nyumba muwachenjezeretu.

Yezani madzi masiku atatu alionse ndi test kit ya madontho, imene imanena zoona kuposa ya timapepala. Lembani m'kope. Sabata yoyamba amoniya amakwera, ndipo mukufuna afike cha pa 2 ppm (ppm ndi muyeso wa pa test kit, mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi). Akadutsa 4, chotsani usipa wina ndi kusintha theka la madzi, chifukwa akachuluka amachedwetsa ntchito. Cha m'sabata yachiwiri amoniya amayamba kutsika, nitrite n'kuonekera. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, chifukwa nitrite amakwera n'kukhala pomwepo sabata ziwiri, mwina zitatu, ngati palibe chikuchitika. Chikuchitika. Gulu lachiwiri lija ndi lochedwa kuswana. Usipa ukatha, ikani wina kapena tsinani chakudya cha nsomba tsiku lililonse kuti gulu loyamba lisafe ndi njala. Tsiku lina mudzayeza n'kupeza nitrite wagwa mwadzidzidzi.

Thanki yapsa pamene amoniya ali 0, nitrite ali 0, nitrate akuoneka, ndipo zakhala chomwecho masiku atatu motsatizana usipa udakali momwemo. Mukatero chotsani usipa, sinthani madzi theka kapena kuposerapo, tsitsani hita pa 25, ndipo nsomba zilowe pasanathe masiku awiri.

Zosokoneza pa nthawiyi ndi zinayi. Choyamba, madzi akachita mbuu ngati mwathiramo mkaka m'sabata yoyamba, musakhuthule, amayera okha. Chachiwiri, kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti apsa, amoniya alibe mtundu. Chachitatu, musatsuke siponji, ngakhale ioneke yakuda. Chachinayi ndi cha kuno kwathu makamaka: mabakiteriya akamagwira ntchito amadya soda uja, ndipo m'madzi ofewa pH imatha kugwa mpaka pansi pa 6.5, pamene iwo amaima. Ngati manambala sakusuntha kwa sabata yoposa imodzi, yezani pH musanaganize zina, ndipo ikakhala yatsika onjezani soda.

Njira yachidule yodalirika ilipo, ndipo sigulidwa m'sitolo. Pezani munthu amene thanki yake yakhala bwino miyezi ingapo popanda matenda, kaya ku Katoto, ku Luwinga kapena ku Chibavi, mumupemphe kuti siponji yanu yatsopano ikagone m'thanki yake masabata awiri kapena atatu, kapena akudulireni chidutswa cha yake yakale. Inyamuleni m'jumbo muli madzi a m'thankimo, isaume, ndipo ifike kwanu pasanathe maola awiri. Kudikira kumatsika mpaka sabata imodzi kapena ziwiri. Madzi okha a m'thanki ya mnzanu alibe phindu lenileni, mabakiteriya amamatirira pa zinthu, sayandama. N'chifukwa chake oweta nsomba a mu mzinda umodzi ayenera kudziwana nkhope ndi nyumba. Gulu la pa WhatsApp likhoza kukuyamikirani chithunzi, koma siponji imachokera kwa munthu amene mungamugogodere pakhomo. Test kit nayonso ndi yodula ndipo siipezeka paliponse, koma imodzi imakwanira anthu atatu kapena anayi osonkherana.

Ngati test kit yakanikiratu, dikirani masabata asanu ndi limodzi athunthu, muyambe ndi theka la nsomba, ndipo mwezi woyamba muzisintha ndowa zitatu za malita 20 za madzi masiku atatu alionse.

6. Kugula ndi kunyamula

Kugwira nsomba zoweta m'nyanja kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya za Nsomba, malinga ndi lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba. Ku Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza mbuna zomwezi, musatengeko kanthu. Gulani kwa amene ali ndi chilolezo, kapena kwa woweta mnzanu amene zake zaswana. Zobadwira m'thanki ndi zabwino kwa woyamba, zinazolowera kale chakudya chogula.

Thanki ya malita 240 imasunga mbuna 12 mpaka 15 za mitundu iwiri kapena itatu yosafanana maonekedwe, yamphongo imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Ziwiri zokha, mwamuna ndi mkazi, ndi kulakwitsa: yamphongo imavutitsa yaikaziyo mpaka kufa. Zikachulukirapo, ukali umagawikana. Gulani zazing'ono za masentimita anayi kapena asanu kuti zikulire limodzi.

Wogulitsa asazidyetse tsiku loti mawa munyamula. M'jumbo, madzi akhale gawo limodzi mwa atatu, otsalawo mpweya. Ikani majumbo m'kula bokosi (cooler box), chifukwa mukamakwera kuchoka kunyanja kutentha kumasintha msanga, ndipo m'minibasi musalole kuti katunduyo aikidwe pafupi ndi injini. Mukafika, zimitsani nyali, yandamitsani jumbo losamasula kwa mphindi 20, kenaka thiranimo kapu ya madzi a m'thanki katatu, mphindi zisanu zilizonse. Tulutsani nsomba ndi kaneti, madzi a m'jumbo mutaye. Tsiku limenelo zisadye.

7. Kudyetsa ndi kusintha madzi

Matumbo a mbuna ndi aatali, opangidwira ndere. Zipatseni chakudya cha nsomba chokhala ndi spirulina, mtundu wa ndere, kamodzi kapena kawiri patsiku, chimene zingamalize m'mphindi imodzi. Nsawawa zobiriwira (peas) zowiritsa zosenda khungu kapena tsamba la mpiru lofutsa pang'ono ndi zabwino kamodzi pa sabata. Nsima, buledi, nyama ndi nyongolotsi ayi. Zimabweretsa matenda otupa mimba: nsomba imasiya kudya, imatulutsa chimbudzi choyera ngati ulusi, kenaka imafufuma, ndipo ikafika pofufuma kawirikawiri siibwerera. Mbuna zimapempha nthawi iliyonse munthu akadutsa, choncho wodyetsa akhale mmodzi, ndipo ana muwauze.

Sabata iliyonse chotsani malita 60, ndowa zitatu za malita 20, pokoka ndi paipi kuchokera pansi pamene pagona zinyalala. Zimitsani hita musanatsitse madzi, ikakhala pamtunda ili yoyaka imasweka. Madzi atsopano akhale ochotsedwa klorini, othiridwa soda wa malita 60 okhawo, osati wa thanki yonse, ndipo ofunda mofanana ndi a m'thanki. M'nyengo yozizira sakanizani ndi a m'ketulo. Madzi ozizira othira mwadzidzidzi ndiwo amadzutsa matenda a timadontho toyera ngati mchere pathupi pa nsomba. Nitrate asapitirire 40 ppm.

Siponji ifinyeni kamodzi pa mwezi m'ndowa ya madzi ochotsa m'thanki, osati pampopi, ndipo imodzi mwezi uno, inayo mwezi wamawa. Klorini wa pampopi amapha m'mphindi zochepa zimene munadikira masabata asanu ndi limodzi.

8. Magetsi akazima

Choyamba kutha ndi mpweya, kutentha kumatsatira. Gulani kapampu ka mpweya koyendera USB ndi power bank yake yosatchajira foni, muzilumikiza ku siponji imodzi. Apa ndi pamene siponji imapambana: ili m'madzi momwemo, ndipo mpweya wochepa umasunga nsomba ndi mabakiteriya pamodzi. Fyuluta ya chitini ikaima maola angapo, za m'kati zimayamba kuola, magetsi akabwera n'kupopera uvewo m'thanki. Ngati muli nayo ndipo yaima maola oposa anayi, izuleni ku soketi, muikhuthule musanaiyatsenso.

Popanda pampu, tungani madzi a m'thanki ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo theka la ola lililonse. Fundikani thanki ndi bulangeti, ndipo usiku wa chisanu yandamitsani mabotolo awiri a pulasitiki a madzi ofunda otsekedwa bwino. Mbaula isalowe m'chipindamo. Musadyetse mpaka magetsi abwere, mbuna yathanzi imakhala masiku angapo osadya popanda vuto.

9. Yaikazi ikasiya kudya, khosi litatupa

Musathamangire mankhwala. Yang'anani pansi pa chibwano: pakakhala potukuka, nsombayo n'kumachita ngati ikutafuna, yafungatira mazira m'kamwa, monga amachitira chambo. Imakhala choncho pafupifupi masabata atatu osadya. Mukafuna ana apulumuke, isamutsireni m'kathanki kena ka madzi omwewo itatha masabata awiri, kapena unjikani timiyala ting'onoting'ono pakona kuti ana akalavulidwa apeze pobisala. Chakudya chawo ndi chomwecho cha akulu, chopera ndi zala.

Ana akachuluka, kapena mukatopa nacho chiweto, musakataye nsomba mumtsinje kapena m'dambo. Madzi a kuno amathera m'nyanja, ndipo nsomba ya m'thanki ikhoza kupititsako matenda kapena kusakaniza mitundu imene inakhala yosiyana kuyambira kalekale. Ana a mitundu iwiri yokwerana musawagawe n'komwe. Enawo apatseni munthu amene thanki yake yapsa, ndipo ngati sinapse, muyambe mwamubwereka siponji.